Nthambi za Pamsewu

Aliyense amene adayendapo m'misewu ya dziko lathu lino adziwa tanthauzo la nthambi zaziwisi zoyalidwa mopingasa njira. Zikaikidwa pawiri, kuno ndi uko, mudzi uli pakati, palibe wofunsa kuti kwagwanji, pakuti ngakhale mwana amene sadayambe sukulu adziwa kuti pamudzipo pagwa zovuta. Wapanjinga amatsika nayamba kukankha njinga yake, wachipewa amavula chipewa, woliza wailesi amatsitsa mawu, ndipo woyendetsa galimoto, angakhale uja amene m'mawa wonse wakhala akulalatira anzake, amabweza moto nadutsa mwakachetechete ngati mkamwini wofika kwa apongozi. Mwambo umenewu ngwokoma, ndipo ine ndimaulemekeza ndi mtima wanga wonse. Koma chiyambire tsiku lina la mwezi wa Julayi, pamene ndidakwera minibasi kuchokera ku Lilongwe kunka ku Ntcheu, funso limodzi landikhala pamtima ngati mwala: nanga ife, amene tidziwa chotere kuchepetsa liwiro chifukwa cha munthu amene wagona kale, tilekeranji kulichepetsa chifukwa cha munthu amene akali moyo, amene ali ndi mtolo pamutu ndi mwana kumbuyo, nangofuna kuoloka?

Tsikulo tidanyamuka pa depoti titapanikizana anayianayi pampando wa anthu atatu, kondakitala ataweramira pa ife chifukwa chosowa pokhala. Dalaivala adali mnyamata wamsinkhu wa mwana wanga wachisamba, wooneka bwino, wa malaya ochapa. Dzanja limodzi lidali pa chiwongolero, linalo lidagwira foni kukhutu. Titapitirira Nathenje tidapeza nthambi zija, ndipo mnyamatayo adaika foni pansi, natseka nyimbo, nadutsa mofatsa, mpaka ndidati mumtima: uyu adaleredwa. Koma tisanapite kutali tidafika pa msika wina wa m'mbali mwa msewu, anthu ali piringupiringu, ndipo mayi wina wokalamba, atasenza dengu la matimati, adali atafika kale pakati pa msewu. Mnyamata uja sadaponde buleki. Adaliza hutala kosalekeza, nakhotetsa galimoto pang'ono, mayiyo nadzandira chobwerera, dengu nkugwa, matimati nkumwazikira pa tala. Tsono adatulutsa mutu pa windo nafuula kuti: "Iwe gogo, ukufuna kufera pa galimoto yanga? Pano si pakhonde pako!" Ena m'galimotomo adaseka. Bambo wina wa imvi amene adakhala kumbuyo adati mofatsa: "Mwanawe, amenewo ndi anzawo a amako." Yankho lidabwera msanga: "Madala, ngati mukuopa tsikani, kumbuyoku kukubwera ina." Ine sindidanene kanthu, ndipo kukhala chete kwanga kwa tsiku limenelo kumandiwawa kufikira lero.

Makolo athu adali nawo malamulo a panjira kalekale kusanabwere tala kapena chikwangwani. Njira ya kumudzi njopapatiza, siilola anthu awiri kudutsana, motero wamng'ono amapatukira m'thengo kuti wamkulu apite, wopanda katundu amapatukira wosenza, ndipo podutsana pamamveka "zikomo" kapena "wawa", manja atawombedwa pang'ono. Munthu sadutsa pakati pa anthu ocheza osapepesa, salowa pakhomo osaodira, ndipo kuitana mayi wa imvi kuti "iwe" ndi mwano woti mbiri yake imafika kwa ankhoswe ndi kwa mfumu. Mnyamata yemwe uja, mukadamtsitsa m'galimoto nkumuika pa njira ya kudimba kuti akumane ndi gogo yemwe uja, ndikhulupirira kuti akadapatuka, mwinanso akadamlandira dengu. Chimene chimasintha munthu akakhala pa chiwongolero ndicho chakuti galasi ndi chitsulo zimamtchinga, kotero kuti woyenda pansi saonekanso ngati mayi wa uje wa kwa uje, koma ngati chopinga, chimodzimodzi dzenje kapena mbuzi. Ndiponso wolakwayo adziwa kuti pakutha kwa mphindi imodzi adzakhala ali kutali, kumene palibe womdziwa dzina kapena mfunda. Pamwamba pa izi pali kamtima kena kamene tiyenera kukatchula poyera, kakuti m'dziko limene ochuluka ayenda pansi ndipo ochepa okha ndiwo ali ndi galimoto, wagalimoto amadziyesa bwana, nayesa kuti msewu adamangira iye, ena onsewo angobwereka. Mwano ndi kusasamala ndi ana a mimba imodzi: amene waleka kuona munthu m'munthu mnzake, pakamwa pake pamatuluka chipongwe, ndipo phazi lake limachedwa kufika pa buleki.

Komatu msewu wathu waukulu, wa M1, umene uyambira ku Songwe m'malire a Tanzania, nudzera ku Karonga, Mzuzu, Kasungu, Lilongwe, Dedza, Ntcheu ndi Blantyre, nutsikira ku Chikwawa mpaka ku Nsanje, mtunda wa makilomita oposa 1,000, suli ngati misewu ya kwa eni ake yotchingidwa ndi mipanda. Umadutsa pakati penipeni pa moyo wa anthu. Pa Jenda, pa Mponela, pa Chimbiya, pa Bembeke, pa Lizulu, pa mphambano ya ku Tsangano, pa Zalewa ndi pa Lunzu, msika ndi msewu nchinthu chimodzi: milu ya mbatata ya kachewere, kabichi ndi anyezi imafika mpaka m'mphepete mwa tala, ndipo basi ikaima ogulitsa amaithamangira kuchokera mbali zonse ziwiri, maso ali pa windo, osati pa galimoto imene ikudza. M'madera ambiri m'mphepete mwa msewu mudadyeka ndi mvula, kotero kuti wapanjinga wonyamula matumba atatu a makala, mwana wasukulu, ngolo ya ng'ombe ndi thiraki ya mafuta yochokera ku Dar es Salaam, onsewa alimbirana kamzere kamodzi komweko. Anthu a ku Ntcheu sadzaiwala za mu Meyi 2019, pamene thiraki idalowerera pa msika wa Kampepuza nipha anthu oposa 15 amene adadzuka m'mawa kukagula ndi kugulitsa monga mwa masiku onse. Woyendetsa amene alowa pa malo otere ndi liwiro la kutchire ali ngati munthu woponya nthungo pabwalo la ukwati ali chitsinzire.

Pano ndifuna ndifotokoze bwino nkhani ya liwiro, chifukwa ambiri amene amayendetsa sadaiganizirepo mofatsa. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadya mamita pafupifupi 14 pa sekondi iliyonse. Ya makilomita 100 pa ola imadya mamita pafupifupi 28. Munthu aliyense, ngakhale wamaso akuthwa amene sadalawe dontho la mowa, amataya sekondi imodzi kapena kupitirirapo kuchokera pamene diso laona mwana kufikira pamene phazi laponda buleki, ndipo m'nthawi yonseyo galimoto imangoyenda osabweza konse. Mabuleki akagwira, mtunda woti galimoto iime sukula molingana ndi liwiro ayi: liwiro likawirikiza kawiri, mtundawo umawirikiza kanayi. Tikaphatikiza zonsezi, pa tala wouma, woyenda pa 50 akhoza kuima m'mamita osafika 40, pamene woyenda pa 100 afunika mtunda woyandikira kutalika kwa bwalo lonse la mpira. Mvula ikagwa, kapena matayala akakhala osalala ngati chipande, mtundawo umaonjezerekanso. Kumeneko nkunena kuti pamalo pamene woyamba waima kale, gogo ali chiimire ndi dengu lake pamutu, wachiwiriyo amafikapo mabuleki atangoyamba kumene kugwira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti woyenda pansi akagundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 65 pa ola, mpata wakuti afe umaposa kanayi wa iye amene wagundidwa pa 50. Kusiyana kwa 50 ndi 65 sikumveka nkomwe kwa wokhala pa mpando wofewa, nyimbo ikulira. Koma kwa amene ali panja, ndiko kusiyana kwa chikhakha cha kuchipatala ndi bokosi la kwa kalipentala. Ndipo phindu la kuthamangako nlotani? Kudutsa msika wa kilomita imodzi pa 100 m'malo mwa 50 kumapulumutsa masekondi 36 okha. Akulu adati kuthamanga sikufika, ndipo masamu avomereza.

Bungwe lomwelo lidawerengera m'lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka ndi chaka pa dziko lapansi, kuti oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi a njinga zamoto, ndi kuti pakati pa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 palibe nthenda imene imapha ochuluka kuposa msewu. Chigawo cha Africa, chimene chili ndi magalimoto ochepa poyerekeza ndi zigawo zina, ndicho chitsogola pa kuchuluka kwa imfazi tikayerekeza ndi chiwerengero cha anthu. Mayiko a m'bungwe la United Nations adalonjezana kuti pakati pa 2021 ndi 2030 achepetse imfa ndi kuvulala kumeneku ndi theka.

Sindifuna kuweruza dalaivala wa minibasi ndisanamve mbali yake, pakuti mlandu sagamula pomva mbali imodzi. Iye amadzuka nkhuku zisanatsike, ali ndi ndalama yoikika imene ayenera kupereka kwa mwini galimoto madzulo, imene iwo amaitcha tageti. Mafuta ngake, oitanira pa siteji afuna yawo, ndipo chimene chatsala pamwamba ndicho ndiwo za ana ake. Munthu wotere akaona wokwera ataima patsogolo, mnzake wa minibasi ina ali pambuyo, amaiwala zonse nathamangira, naima paliponse, ngakhale pakona kapena pamlatho, osayatsa nkomwe indiketa. Akatopa amapatsa galimoto mnyamata waganyu amene mwina adaphunzirira kuyendetsa pomatsuka magalimoto. Tsono mwini galimoto, amene amakhala kunyumba nawerenga ndalama, namakana kugula matayala ndi kukonzetsa mabuleki kufikira chinthu chitathyoka, ali nalo gawo lake la mwazi umene ukhetsedwa, chinkana dzina lake silimveka pa wailesi. Chimodzimodzi dalaivala wa thiraki amene wayenda usiku wonse kuchokera ku doko la Beira osagona, tulo tikumlemera m'zikope, chifukwa wina wamlamula kuti katundu afike m'mawa.

Amene ndisowa pomuikira kumbuyo ndi munthu wophunzira, wovala taye, woyendetsa galimoto yakeyake, amene palibe womuikira tageti. Imani madzulo pa msewu wa Masauko Chipembere pakati pa Blantyre ndi Limbe, kapena m'misewu ya ku Lilongwe nthawi yoweruka, muone mmene amachokera pa mzere nayamba mzere wake m'dothi la oyenda pansi, fumbi lili koboo pa amayi ogulitsa nthochi, kenaka nalowetsa mphuno ya galimoto patsogolo pa amene adikira moleza mtima, osakweza ngakhale dzanja kupepesa. Muoneni pa mizere yoyera yoolokerapo anthu, pamene ana asukulu aima mogwirana manja nayembekeza wachifundo. Mnzake akaima kuti anawo aoloke, iye amamlizira hutala kumbuyo, kapena kumpitirira kumene, osalingalira kuti galimoto yoima pa mizereyo yabisa mwana. Usiku amawalitsa nyali zonse m'maso mwa anzake osazitsitsa. Lamlungu madzulo amabwerera kunyanja, ku Salima kapena ku Mangochi, botolo lili pakati pa miyendo, nanena kuti iye akamwa ndiye amayendetsa bwino, bodza limene laika ambiri m'manda, pakuti mowa umachedwetsa phazi pamene ukulimbitsa mtima. Ndipo foni, imene ofufuza adapeza kuti imachulukitsa pafupifupi kanayi mpata wochita ngozi, siichoka m'dzanja lake. M'Malembo muli munthu wina, Yehu, amene mlonda wa pansanja adamzindikira ali kutali chifukwa cha kayendetsedwe kake kaukali. A Yehu a masiku ano nawonso timawadziwira patali, ndipo ambiri a iwo m'mawa wa tsiku lomwelo adali m'kachisi.

M'zaka zapitazi kwabwera khamu latsopano pamsewu, la anyamata a kabaza wa njinga zamoto. Atithandiza, tisakane: afika kumene minibasi siifika, atengera odwala kuchipatala usiku, ndipo ntchitoyi yadyetsa mabanja amene akadagona ndi njala. Koma ambiri adaphunzira njingayo masiku awiri pabwalo la mpira, alibe chiphaso, amanyamula anthu awiri kapena atatu, mwana wakhanda ali pakati, onse mitu ili pamtunda. Ndipo chipewa choteteza mutu, chikakhalapo, chimalendewera pa chiwongolero kapena chimavalidwa chosamanga lamba wa pachibwano, chimene chili chimodzimodzi kusavala. Fupa la mwendo madokotala amalumikiza, lingatenge miyezi. Ubongo ukaphwanyika, madzi atayika, saoleka. Aliyense amene adakazondako wodwala m'chipinda cha othyoka mafupa ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe adaona yekha mabedi a anyamata amiyendo yopachikidwa pa zitsulo, ndi amayi awo ogona pansi pambali pawo, munda kumudzi utagonera.

Malamulo tili nawo. Lamulo la zapamsewu la 1997 lilipo, nthambi ya boma ya Road Traffic imene imapereka ziphaso ndi kuyeza magalimoto ilipo, apolisi apamsewu ali ponseponse ndi makina awo oyezera liwiro. Chimene chimafooketsa lamulo ndi mgwirizano wachinsinsi umene ife eni ake tidapangana wolizembera. Dalaivala akadutsa pamene apolisi abisala, amaphethiritsa nyali kuchenjeza anzake akudza kutsogolo, iwo nabweza moto kwa kamphindi, napitiriza misala yawo atangokhota. Amayesa kuti achitirana ubale, osadziwa kuti mwina amene amchenjezayo ndiye akagunde mwana wa mlongo wawo pa msika wotsatira. Wokwera wachinayi amauzidwa kuti atsike ayende pansi kupitirira pa rodibuloko, nakakweranso patsogolo, ndipo amavomera akuseka. Za kangachepe kopindidwa m'chiphaso timazidziwa tonse, ndipo timakonda kunyoza dzanja lolandira, kuiwala kuti padali dzanja lopereka.

Palinso mawu amene timatonthozana nawo pamaliro, amene ndiwaopa kuposa ziphuphu. Timati, "Inali nthawi yake," kapena "Tsoka silinunkha," ndipo malo ena, monga zitunda za ku Linthipe kapena mapiri okhotakhota a ku Chiweta, timawanenera kuti pali mizimu yofuna magazi. Kwa namfedwa mawu otere ali ndi malo ake, ndipo sindingawalande pakamwa pa mayi wolira. Koma akalowa m'mutu mwa woyendetsa amasanduka chilolezo, pakuti munthu wokhulupirira kuti tsiku lake lidalembedwa kale saona chifukwa chomangira lamba, ngakhale lambayo amachepetsa ndi pafupifupi theka mpata wakuti wokhala kutsogolo afe. Pa chitunda chotsetsereka palibe mzimu wina koma katundu wopyola muyeso, mabuleki otentha chifukwa chotsika ndi giya yolakwika, ndi munthu wopitirira mnzake pamene saona kutsogolo. Tsoka lotere limanunkha ndithu: limanunkha mphira wopserera ndi kachasu, ndipo okwera amalimva fungo lake ulendo usanafike pakati. Kuika pa Mulungu imfa imene tidaiitana ndi phazi lathu ndiko kumnamizira Mlengi.

Oyenda pansi nafenso tili ndi mbali yathu, ndipo njaifupi kuinena. Popeza magalimoto kuno amayenda kumanzere, woyenda pansi ayende kumanja, kuti aziyang'anizana ndi galimoto imene ikudza. Usiku avale choyera, pakuti munthu wa malaya akuda pa njinga yopanda nyali dalaivala amamuona atamfika kale. Wotsika basi adikire ichoke asanaoloke. Ndipo mwana wamng'ono, amene diso lake silinathe kuyeza liwiro la chinthu chobwera, asatumidwe yekha kutsidya kwa msewu kukagula mchere. A mathiraki owonongekera panjira, amene amayala nthambi m'malo mwa zizindikiro zonyezimira, akumbuke kuti tsamba siliwala mumdima, ndipo akachoka azichotsa nthambizo pamodzi ndi miyala imene adatsekera matayala.

Koma mtima wanga ubwerera kwa ife okwera, amene timakhala khumi ndi asanu kapena kuposerapo m'galimoto, miyoyo yathu ili m'manja mwa mnyamata mmodzi, tonse pakamwa tili tsekee. Timaopa kutchedwa amantha, timaopa kutsitsidwa pathengo, ndipo ena mwa ife ndife amene timasonkhezera moto pomati, "Adalaivala, tiyeni nayoni, tachedwa," nkumatama uje kuti ndiye dolo chifukwa Blantyre amafika msanga. Bambo wa imvi uja adayankhidwa mwachipongwe chifukwa adali yekha. Mutu umodzi susenza denga. Tikadayankhula atatu kapena anayi, mnyamata uja sakadatitsitsa tonse, pakuti tageti yake idali m'matumba mwathu.

Miyezi ingapo pambuyo pake ndidayendanso njira yomweyo, m'minibasi ina, dalaivalanso wina. Titayandikira msika uja ndidaona muvi wa liwiro uli pamwamba, ndipo ngakhale mtima udagunda, ndidati: "Achimwene, chonde bwezani moto, pano pali anthu." Adandiyang'ana pagalasi, nayamba kunena kuti iye wayenda msewu umenewu zaka zambiri. Asanamalize, mayi wina amene adakhala pambali panga, mwana ali pamiyendo, adati: "Akunena zoona bambowa, ife tikufuna tikafike." Mnyamata wina kumbuyo adavomereza, kenaka winanso. Dalaivala adang'ung'udza, nakweza wailesi, koma phazi lake lidafewa, ndipo tidadutsa pamsikapo pang'onopang'ono, kotero kuti ndidatha kuona nkhope za ogulitsa mmodzimmodzi. Ndidayang'anayang'ana pakati pa madengu a matimati ngati ndingamuone gogo uja, koma amayi okalamba ovala mipango adalipo ambiri, ndipo nkhope yake sindidaigwire bwino tsiku lija, popeza tidamdutsa mothamanga.